Chintheche kapena Ngabu: banja lochokera ku Dedza lingakhale bwino kuti?

Funso

Ndine mphunzitsi, ndinabadwira ndi kukulira ku Dedza. Mwayi wokwezedwa pa ntchito wapezeka, koma malo alipo awiri: sukulu ina kufupi ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, ina kufupi ndi Ngabu ku Chikwawa. Anzanga akundiopseza mbali zonse. Ena akuti kunyanja zovala zimachita nguwi ndipo munthu amangokhala thukuta lili kamukamu. Ena akuti dzuwa la ku Ngabu ndi lowamba munthu. Mayi a kunyumba ndi telala, ndipo mwana wathu wa zaka 6 ali ndi mphumu. Kodi kwa banja ngati lathuli kwabwino n'kuti, kwa chinyezi kapena kouma?

Yankho

Aphunzitsi, anzanuwo sakunama, a mbali zonse ziwiri. Koma ndisakuzungulitseni. Ndikanakhala ine, ndili ndi mwana wa mphumu, ndikanatenga Chintheche, ndipo ndikanatero pokhapokha nditakaiona kaye nyumba yomwe tikakhalemo. Mavuto ambiri a dera la chinyezi amathera pa nyumba: ikakhala yopita mphepo, moyo umayenda. Kutentha kwa kuchigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala ndiye kumakutsatani paliponse, m'kalasi, pamsewu ndi pogona pomwe. Pali chinthu chimodzi chokhudza mwanayo chimene chingasinthe yankho langali, ndipo ndichifotokoza tikafika pa mphumuyo.

Kulikonse kumene musankhe, mukutsika phiri. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470, pamene Ngabu ali pa mamita 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mpweya umafundirafundira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwatsika. Ndiye tsiku limene inu ku Dedza mukuti lero kwatentha chifukwa kwafika madigiri 27, ku Ngabu kumakhala cha m'ma 36 kapena 37. M'masabata omaliza mvula isanagwe kumadutsa 40, ndipo a nthambi yoona zanyengo akamachenjeza za kutentha koopsa, chigwa cha Shire ndicho chimakhala ndi manambala apamwamba. Ku Chintheche nyanja imathandiza. Madzi ochuluka chonchija safunda msanga ndipo sazizira msanga, choncho masana ambiri amathera pafupi ndi madigiri 30. Koma usiku wa m'dzinja suzizira kwenikweni, ndipo munthu wozolowera bulangete la ku Dedza amavutika kupeza tulo masiku oyamba.

Kusiyana kwa mvula nako kuli ndi chifukwa chake. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imayenda pamwamba pa madzi ofunda a nyanja n'kusenza nthunzi yambiri. Ikafika kugombe la Nkhata Bay imakumana ndi mapiri a Viphya, imakwera, imazizira, n'kutula madziwo. N'chifukwa chake derali limalandira mvula yopitirira mamilimita 1,500 pachaka, ndipo mvula yamphamvu imagwabe mu Malichi ndi Epulo, nthawi imene kwanu anthu ayamba kale kukonza nkhokwe. Ngakhale mu Juni ndi Julayi kumawaza. Mitengo ya labala ya ku Vizara ndi tiyi wa ku Kawalazi zimakondwa ndi mvula yomweyo. Ku Ngabu chigwa chili pansi, ndipo mpweya wotsika kuchokera kumapiri umafunda n'kuuma. Mvula yake ndi ya mamilimita 700 kapena 800, imagwa miyezi yochepa, dzuwa n'kuimwa msanga. Zomera zimakuuzani zokha: mapira, mchewere, thonje, malambe, masau ndi mitengo ya nimu pakhomo.

Tsopano thupi. Limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo kunja kukatentha njira yake yaikulu yodziziziritsira ndi thukuta. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza: thukuta limaziziritsa likamauma pakhungu, osati likamayenderera. Lita imodzi ya thukuta ikauma imachotsa m'thupi kutentha kokwanira kufikitsa malita 7 a madzi ozizira poyamba kuwira. Koma likangochucha n'kudontha pansi, mwataya madzi pachabe. Kuti liume, mpweya uyenera kukhala ndi malo olilandirira. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu umatha kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi ukakhala pa madigiri 30, magalamu 17 pa madigiri 20, ndi magalamu 9 okha pa madigiri 10. Akamati chinyezi chili pa 80 peresenti akutanthauza kuti malo asanu ndi atatu mwa khumi adzaza kale. Zili ngati kudzipukuta ndi thaulo limene ana atatu apukutira kale: mupukuta ndithu, koma simuuma. Pa madigiri 32, chinyezi chikakhala 40 peresenti, thupi limamva ngati kuli 33. Madigiri omwewo ndi chinyezi cha 70 peresenti, thupi limamva ngati kuli 41. Choncho nambala ya pa wailesi yokha siikuuzani zonse.

Pali china chimene anzanu aja sanakuuzeni. Ngabu si wouma chaka chonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumakhala kotentha ndi chinyezi nthawi imodzi, ndipo masiku a pakati pa mvula ziwiri, nthaka ili yonyowa dzuwa likuswa mtengo, ndi olemetsa kwambiri. Nakonso kunyanja, Sepitembala ndi Okutobala zovala zimauma bwinobwino. M'Malawi muno aliyense amalawa nyengo zonse ziwiri. Kusiyana n'kwakuti kwina chinyezi chimatenga miyezi yambiri, kwina chilimwe n'chimene chimalamulira.

Tiyambe ndi moyo wa ku Ngabu m'chilimwe. Ubwino wake ulipo ndithu. Zovala zochapa m'mawa zimauma gwa nthawi ya nsima isanakwane. Mabuku ndi nsalu sizichita nguwi. Madzi a mu mtsuko wadothi amazizira mokoma, chifukwa madzi amene amatuluka m'timabowo ta dothilo akamauma amatenga kutentha kwa m'katimo. Chitenje chonyowa chopachikidwa pazenera chimaziziritsa mphepo yolowa. Njira zimenezi zimagwira ntchito kouma kokha, kunyanja m'dzinja mungangowonjezera chinyezi m'chipinda.

Choopsa chake n'chakuti thupi limataya madzi inu osaona. Thukuta limauma likangotuluka, malaya ali ouma, munthu n'kumati sindikutuluka thukuta. Munthu wogwira ntchito padzuwa lotere amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Ludzu limabwera mochedwa, makamaka kwa ana ndi okalamba. Choyang'anira chodalirika ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndiponso wachikasu chodera, madzi achepa m'thupi. Mutu wa masana, kufooka, kukokana kwa minofu ya miyendo usiku, zonsezi nthawi zambiri zimachokera pomwepo. Anthu okhala kotentha amene samwa madzi okwanira kwa zaka zambiri amadwalanso timiyala ta mu impso kuposa anzawo. Thupi limazolowera ndithu, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri limayamba kutulutsa thukuta msanga ndi kutaya mchere wochepa, koma masiku oyambawo musadzionetse mphamvu. Ndipo monga mphunzitsi mudzakhala ndi ana ambiri pansi pa malata nthawi ya masana. Mwana akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, musadikire. Muikeni pamthunzi, muvuleni zothina, muthireni madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo mupite naye kuchipatala msanga. Zimenezi zimapha m'maola ochepa. Ngati kuli makolo anu amene amamwa mankhwala a BP okodzetsa ndipo adzabwera kudzakhala nanu, kambiranani ndi adokotala nyengo yotentha isanafike.

Za fani ndinenepo, chifukwa ambiri amaithamangira. Mpweya wa m'chipinda ukatentha kufika madigiri 40 uli wouma, fani yokha imangokuuzirani moto. Nyowetsani khungu kapena valani malaya onyowa, kenako yatsani fani. Kumalo a chinyezi, kumene mpweya sufika pa kutentha kwa thupi, fani ndi bwenzi lenileni chifukwa imasuntha mpweya wodzaza nthunzi umene wakuta khungu.

Zazing'onozing'ono za kouma mukuzidziwa kale kuchokera ku Dedza mu Ogasiti: khungu lotuwa mbuu, milomo yosweka, ming'alu ya kuzidendene, kamfuno kwa ana. Mafuta odzola mukangosamba khungu lisanaume amathetsa zambiri mwa izi.

Ziwiri zimene muyenera kufunsa musanavomere nyumba ku Chikwawa sizikhudza dzuwa n'komwe. Choyamba, madzi akumwa. Mijigo ina ya m'chigwamo imatulutsa madzi amchere, ndipo kukhala kumene thupi likufuna malita ambiri patsiku madziwo ali osamweka ndi mtolo waukulu. Lawani nokha. Chachiwiri, kusefukira kwa madzi. Dera la mvula yochepali ndi limene limalandira madzi onse ochokera kumapiri kudzera mu Shire ndi mitsinje yothira m'menemo. Zinachitika mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy. Funsani akuluakulu a m'mudzimo kuti madzi anafika pati zaka zimenezo, ndipo muyang'ane mzere wa matope pa makoma akale.

Tsopano ku Chintheche, kumene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi kumene ndikukulozerani.

Nguwi imafuna zinthu zitatu: chinyezi chopitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, mpweya wosayenda, ndi chakudya chake, chomwe ndi fumbi, chikopa, pepala, nsalu kapena litsiro la thukuta. Chinyezi cha kunja simungachisinthe. Ziwiri zinazo zili m'manja mwanu. Mukakafika pa nyumba ya aphunzitsiyo, pemphani kuti muione itatsekedwa usiku wonse, ndipo mulowe inu poyamba. Mphuno idzakuuzani. Mukamva fungo la chinyontho lili guu, longa la thumba limene lakhalitsa pansi, ndiye kuti nguwi ilimo ngakhale makoma apakidwe penti dzulo. Kenako kokani kabati kapena bedi lomwe lagunda khoma muyang'ane kuseri. Timadontho takuda kapena tobiriwira timayambira kumeneko ndi m'makona apansi. Yendetsani dzanja pakhoma kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Penti akamatukumuka, pulasitala akamafumbutuka, ndipo pali zoyera ngati mchere, madzi akukwera kuchokera m'nthaka chifukwa omanga sanaike pepala la pulasitiki loletsa chinyezi pamaziko, kapena linang'ambika. Vuto limeneli silitha ndi penti. Yang'ananinso kumwamba: mabala ofiirira pa siling'i ndi chizindikiro cha denga lodontha. Tulukani panja muone kumene madzi a padenga amagwera. Ngati amagwera m'tsinde mwa khoma popanda khonde kapena ngalande, nyumbayo imamwa mvula yonse ya Epulo.

Nyumba yabwino ya kunyanja imakhala ndi mazenera oyang'anizana kuti mphepo ilowere uku n'kutulukira uko, timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma tosatsekedwa ndi mapepala, denga lotuluka kunja mokwanira, ndipo imakhala pamalo okwererako osati m'munsi mwa dambo. Kugombe mphepo imachokera kunyanja masana, usiku n'kubwerera kuchokera kumtunda. Nyumba yotsegukira mbali ziwirizo imalandira mphepo ulere usana ndi usiku. Mitengo ya mango yowirira mpaka kukuta denga ndi yokoma kukhala pansi pake, koma imaletsa khoma kuuma. Kuidulira nthambi za m'munsi kumathandiza. Izi n'zosiyana ndi ku Ngabu, kumene mthunzi uli wonse ndi chuma, makamaka mtengo wotchinga khoma la kumadzulo, ndipo m'chilimwe mumatseka mazenera masana n'kuwatsegula dzuwa likalowa. Kunyanja mumatsegula nthawi zonse pamene mvula sikulowa.

Mukalowa m'nyumbamo, katundu asagunde khoma, siyani mpata wolowa dzanja. Matiresi asakhale pansi pa simenti, akhale pabedi la matabwa otalikirana, ndipo dzuwa likawala muwatulutse. Zovala zopachika pa chingwe kapena pamtengo poyera zimakhala bwino kuposa zopanikizidwa mu sutikesi. Chovala chovalidwa kale, chokhala ndi thukuta, musachibwezere pakati pa zoyera, chifukwa nguwi imayambira pa icho. Nsapato zachikopa ndi malamba ndiye zoyamba kugwidwa: mudzazisiya pansi pa bedi Lachisanu la tchuthi, pobwera n'kupeza zavala ufa wotuwa mobiriwira. Zipukuteni panja, ziyanikeni, zipakeni polishi, muzisunge pamalo okwera. Masatifiketi ndi zithunzi muziike m'mapepala a pulasitiki otseka bwino pa tsiku louma. Nguwi ikaoneka pakhoma, itsukeni ndi madzi a sopo kapena jiki wosungunula mazenera ali otsegula, mwanayo ali kutali, ndipo jikiyo musamusakanize ndi mankhwala ena alionse otsukira. Khoma la chinyezi limachita bwino ndi laimu kuposa penti wa mafuta, chifukwa laimu amalola khoma kupuma ndipo nguwi siimukonda.

Pa zochapa pali chinthu chimene anthu ochokera kumapiri amachidziwa mochedwa. Kumalo ofunda kuli ntchentche imene imaikira mazira pa dothi la pamthunzi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena paudzu. Mazirawo akaswa, kamphutsi kamaboola khungu n'kukulira m'menemo, ndipo pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana ndiwo amagwidwa kwambiri. Yanikani pachingwe, padzuwa, ndipo sitani chilichonse chokhudza khungu, zamkati ndi nsalu zogonera zomwe. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Kusitako kumathandizanso kumaliza kuumitsa zovala zimene zakhala masiku awiri pakhonde osauma. Za khungu zina ndi zipere, linyetsu pakati pa zala zakumapazi, ndi timatuza toyabwa m'khosi ndi kumsana mwa ana. Zovala za thonje zotakasuka, kupukuta bwino m'makwinya a thupi mukasamba, ndi kusavala nsapato yomweyo masiku awiri otsatizana zimachepetsa zambiri. Kumeneku mafuta olemera odzola thupi lonse amangotseka khungu, achepetseni.

Mayi a kunyumba auzeni kuti makina awo ali ndi mdani kulikonse, kungoti adaniwo ndi osiyana. Ku Ngabu ndi fumbi, limene limalowa m'kati n'kusakanikirana ndi mafuta kukhala phala lodya zitsulo, choncho makina amafuna kuvundikiridwa ndi kupukutidwa kawirikawiri. Ku Chintheche ndi dzimbiri. Limayambira pa singano, pa mapini, pa sizasi ndi pa kachitsulo kosalala kamene nsalu imadutsapo, ndipo singano ya dzimbiri imasiya kadontho kofiira pa nsalu yoyera ya kasitomala. Akamaweruka apukute zitsulo zonse ndi kansalu kodontheza mafuta a makina, avundikire ndi nsalu osati pulasitiki, chifukwa pulasitiki amatsekera chinyezi m'kati. Singano ndi mapini azisunga m'kabotolo kotseka. Nsalu zogulitsa zikhale pa shelefu yotalikira khoma, azizifunyulula nthawi ndi nthawi, ndipo m'miyezi ya mvula asaode zambiri nthawi imodzi. Makina osamalidwa chonchi amakhala zaka zambiri kunyanja, atelala aliko ndipo akusoka.

Chakudya nacho chimafuna kusintha chizolowezi. Ndikudziwa kuti munthu wa ku Dedza sangapite popanda matumba a chimanga cha kumudzi, ngakhale kumeneko nsima yodziwika ndi kondowole wa chinangwa. Chimanga chosunga chiyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti. Poyesa, tengani botolo lagalasi louma, thirani chimanga kufika gawo limodzi mwa atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, musiye kwa mphindi 15, kenako khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chikauma, chiikeni m'matumba otseka mpweya monga a PICS, pamwamba pa matabwa. Thumba wamba limalola chimanga chouma kuyamwanso chinyezi cha m'chipinda, ndipo kumalo ofunda anankafumbwe amaswana mofulumira kuposa ku Dedza. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza musachitenge mopepuka. Mtundu wina umapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo sachoka ndi kuphika. Kuchigayo muzipita ndi zochepa, za masabata awiri kapena atatu, ufa muuyanike usanalowe m'ndowa yotseka. Mchere, shuga ndi machesi zimafuna mabotolo.

Malungo ali konsekonse kuwiriku, ndipo ndi ochuluka kuposa kwanu. Udzudzu umakhala moyo wautali mpweya ukakhala ndi chinyezi, ndipo kachilombo ka malungo kamakhwima msanga m'thupi mwa udzudzu kukafunda. Kugombe la nyanja ndi kuchigwa cha Shire matendawa amapezeka chaka chonse. Banja lokulira kumalo ozizira silinakumane nawo kawirikawiri, choncho akhoza kukugwirani mwamphamvu. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti usiku wotentha ndi umene anthu amakankhira neti pambali chifukwa ikutsekereza mphepo, kapena amatulutsa mkeka kukagona pabwalo popanda chotchinga. Ku Ngabu mu Novembala chiyeso chimenechi ndi chachikulu, chifukwa njerwa zimene zamwa dzuwa tsiku lonse zimatulutsa kutenthako usiku. Ngati mukugona pakhonde, neti ipite nanu. Thupi likatentha kwa wina aliyense m'banjamo, kayezetseni tsiku lomwelo. Likodzo nalo lili m'madzi odekha okhala ndi udzu m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo a Shire, ndiye mwana aziuzidwa posambira ndi posasambira.

Tafika pa mphumu, pamene pagona nkhani yanu yonse. Mphumu siiyambitsidwa ndi chinthu chimodzi mwa ana onse. Ena amabanika ndi mpweya wozizira ndi wouma, ena ndi fumbi ndi utsi, ena ndi nguwi komanso tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tokhala m'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangete. Tizilomboti sitimwa madzi, timayamwa chinyezi cha mumpweya, choncho timaswana kwambiri chinyezi chikadutsa 70 peresenti ndipo timachepa chikatsika pansi pa 50. Ndiye palibe dera limene tinganene kuti ndi labwino kwa mwana aliyense wa mphumu. Koma mwana wanuyu ali ndi mbiri yake, ndipo inalembedwa kale. Tengani buku lake la kuchipatala, inu ndi mayi ake mukhale pansi, mulembe mwezi uliwonse umene anabanika pa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi.

Mukapeza kuti masiku ambiri ndi a Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi ya chisanu cha ku Dedza pamene mazenera amatsekedwa ndipo mbaula imalowa m'nyumba, ndiye kuti kutsikira kofunda kukhoza kumuthandiza, ndipo mpweya wofunda wa kunyanja umakhala wofewa pa chifuwa chotere. Mukapeza kuti ndi Sepitembala mpaka Novembala, nyengo ya fumbi, akamvuluvulu ndi utsi wa tchire lotenthedwa, ndiye Ngabu ndi woti mumupewe, chifukwa kumeneko nyengo imeneyi ndi yaitali ndiponso yamphamvu. Pa ziwirizi yankho langa likhalabe Chintheche. Koma mukapeza kuti amabanika kwambiri m'dzinja, kuyambira Januwale mpaka Malichi, makamaka pakati pa usiku ali pabedi, kapena amayetsemula ndi kutsokomola mayi ake akamakutumula zofunda kapena akalowa m'chipinda chimene chakhala chotseka, pamenepo ndikubweza mawu anga. Mwana wotere chinyezi cha miyezi yambiri chikhoza kumuvutitsa, ndipo ndingakonde kuti mupite ndi bukulo kwa adokotala amene amamuona musanayankhe kalata ya ku ofesi. Mwina dera louma lingamuchitire bwino, malinga nyumba yake ikhale ndi siling'i, mthunzi ndi madzi abwino pafupi.

Kulikonse kumene mupite, chipinda cha mwanayo chikhale chopita mphepo kuposa zonse m'nyumbamo, chopanda kapeti ndi milu ya zovala. Zofunda zake zizichapidwa ndi madzi otentha ndi kuuma padzuwa, pansi pazikolopedwa m'malo mosesa iye ali momwemo. Makoyilo ofukiza udzudzu musayatse m'chipinda chake, utsi wake umabanikitsa, neti ndi yokwanira. Kuphika kukhale kunja kapena m'khitchini yapadera. Mankhwala ake opopera m'kamwa asasiyidwe padzuwa kapena pazenera, ndipo mupite ndi ena apadera chifukwa simukudziwa kuti kuchipatala chatsopano mudzawapeza tsiku lomwelo. Ku Chintheche chipatala chilipo, ku Ngabu chiliponso, koma funso lofunika n'lakuti kuchokera pasukulupo mungafikeko bwanji usiku mvula ikugwa. Funsani ngati pali mtsinje wodzaza panjira ndi ngati njinga zamoto zimadutsa mu Malichi.

Ngati nthawi ilipo musanayankhe, pitani mukagone usiku umodzi kumalo onse awiri, ndipo mugone m'nyumba yeniyeniyo kapena yoyandikana nayo, osati kumalo ogona alendo a pa tauni. Mukapita pa nthawi yabwino ya dera limenelo, Ngabu mu Juni kapena Chintheche mu Sepitembala, kumbukirani kuti mwaona nkhope yake yokongola. Afunseni aphunzitsi anzanu amene ali kale kumeneko mafunso olunjika: ku Ngabu, amagona kuti mu Novembala ndipo madzi amatunga kuti, ku Chintheche, zovala zimatenga masiku angati kuti ziume mu Epulo ndipo ndi chipinda chiti chimene chimadontha. Mukapeza kuti nyumba ya pasukulu ya ku Chintheche ili ndi khoma lokwera madzi, musalowemo ndi mwana wa mphumu. Kambiranani ndi a komiti ya sukulu kuti ikonzedwe kaye, kapena mupeze ya lendi pamalo okwera kufupi ndi sukuluyo.